Mpweya Wotsala: Mmene Madokotala Amapimira Wodwala Khansa ya M'mapapo Asanamuchite Opaleshoni

Munthu wokhala ku Nkolokosa sasowa womuuza kuti mzinda wa Blantyre udamangidwa pamapiri. Akatsika minibasi madzulo, atanyamula kathumba ka ufa kapena ka makala, njira ya kunyumba imamulipiritsa mphamvu za m'chifuwa tsiku ndi tsiku. Nchimodzimodzinso kwa anzake a ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa: dera lililonse lili ndi chitunda chake, ndipo aliyense amadziwa pamene amaima kuti apumeko. Mnyamata amakwera akucheza; wachikulire amaima kawiri; wodwala amaima pafupifupi pakhomo lililonse, nanamizira kupereka moni. Chimene ambiri sadziwa nchakuti chitunda chimenechi chimafunsa funso lomwelo limene madokotala amafunsa asanatsegule chifuwa cha munthu wodwala khansa ya m'mapapo. Funsolo nlakuti: munthuyu ali ndi mpweya wochuluka motani, ndipo akamuchotsa gawo la phapo, wotsalawo udzamukwanira kodi?

Khansa ya m'mapapo ndiyo imapha anthu ambiri padziko lonse kuposa khansa ina iliyonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni adapezeka nayo, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni adamwalira nayo. M'dziko muno mabuku a zipatala amadzala ndi khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya Kaposi. Ya m'mapapo siilembedwa kawirikawiri. Komatu kusalembedwa m'buku sikutanthauza kusakhalapo. Zizindikiro zake, monga chifuwa chosatha, makhololo a magazi, kuwonda ndi kubanika, nzomwezo za chifuwa chachikulu, matenda amene aliyense amawadziwa. Chotero zimachitika kuti munthu amamwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi ingapo osapeza bwino, pamene chotupa chikukula mwakachetechete. Nchifukwa chake munthu amene makhololo ake apimidwa ndi makina a GeneXpert osapezeka kachilombo, koma chifuwa chikupitirira, ayenera kubwerera kuchipatala chaching'ono, monga cha ku Zingwangwa, kuti amutumize ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, akamujambule ndi kumupima mozama.

Khansayi ikapezeka isanafalikire, opaleshoni ndiyo njira yopatsa chiyembekezo chachikulu cha kuchira. Koma asanatole mpeni, madokotala amayankha mafunso awiri osiyana, ndipo abale a wodwala kawirikawiri amangomva loyamba lokha. Loyamba limakhudza chotupa: kodi chingachotseke chonse? Poyankha limeneli amatenga kanyama ka chotupacho kukakapima, kuti adziwe mtundu wa khansayo, pakuti pali mtundu wina wa timaselo ting'onoting'ono umene umafalikira msanga ndipo suchitidwa opaleshoni kawirikawiri. Amajambulanso chifuwa ndi mimba ndi makina a CT, kuti aone ngati matendawo afika m'timisempha ta anabele ta pakati pa chifuwa, m'chiwindi, m'mafupa kapena kwina. Ngakhale ku Britain, kumene zipangizo nzochuluka, odwala amene amafika pochitidwa opaleshoni saposa mmodzi mwa asanu, chifukwa ambiri amabwera matenda atapita kale patali. Funso lachiwiri limakhudza mwini chotupa: kodi munthuyu angapirire opaleshoniyo, nakhala ndi moyo wolongosoka pambuyo pake? Funso lachiwirili ndilo mutu wa nkhani ino.

Mbiri ya madokotala awiri a ku America imaonetsa bwino kusiyana kwa mafunsowa. Pa 5 April 1933, mumzinda wa St. Louis, dokotala wa opaleshoni Evarts Graham adatsegula chifuwa cha mnzake James Gilmore, dokotala wa amayi wa ku Pittsburgh, wa zaka 48. Akuti asanagonekedwe, Gilmore adapita kokonzetsa mano, adagulanso malo kumanda. Adakonzekera zonse ziwiri, moyo ndi imfa. Graham adaganiza zochotsa chigawo chimodzi chokha, koma atatsegula adaona kuti chotupa chili pamalo pakuti nkofunika kuchotsa phapo lonse la kumanzere. Kufikira nthawi imeneyo panalibe wodwala khansa amene adachotsedwa phapo lathunthu pa opaleshoni imodzi nakhala ndi moyo. Gilmore adachira, adabwerera kuntchito yake, ndipo adakhala zaka zina 30 ndi phapo limodzi, mpaka 1963. Graham mwini, amene adasuta ndudu zaka zambiri ndipo mu 1950 adathandiza kuonetsa kuti fodya ndiye gwero lalikulu la khansayi, adadwala matenda omwewo; koma pamene ankapezeka anali atafalikira kale, mpeni sukadathandiza, ndipo adamwalira mu 1957. Kwa Graham funso loyamba lidayankhidwa kuti ayi. Kwa Gilmore onse awiri adayankhidwa kuti inde: chotupa chidachotseka, ndipo phapo lotsala ndi mtima zinali zolimba mokwanira kusenza ntchito yonse.

Kuti munthu amvetse kuwerengera kwa madokotala, ayenera kuyamba wadziwa mamangidwe a mapapo. Phapo la kumanja lili ndi zigawo zikuluzikulu zitatu, la kumanzere ziwiri, chifukwa mtima udatengako malo. Zigawo zimenezi nzogawikanso m'tizigawo ting'onoting'ono, timene madokotala powerengera amati tilipo 19: kumanja 10, kumanzere 9. Kachigawo kalikonse kali ndi njira yake ya mpweya ndi mitsempha yake ya magazi, monga nyumba za mumzere umodzi zimene iliyonse ili ndi khomo lake. Phapo silimeranso ngati tsitsi kapena chikhadabo. Chimene chachotsedwa chapita, ngakhale kuti chotsalacho chimafutukuka pang'ono kudzaza malo. Ndiponso pa nthawi ya opaleshoniyo, katswiri wogonetsa amalowetsa chubu m'kholingo naphwetsa phapo limene likugwiridwa, kotero kuti kwa maola angapo moyo wonse wa munthuyo umatsamira pa phapo limodzi.

Muyeso woyamba ndi wouzira mpweya m'chipangizo chotchedwa spirometer. Chipangizochi nchakale ndithu: dokotala wa ku London, John Hutchinson, adachifotokoza mu 1846 atapima anthu oposa 2,000, ndipo ndiye adaona kuti kuchuluka kwa mpweya wa munthu kumayenda ndi msinkhu wake ndi zaka zake. Kapimidwe kake nkosavuta kuona koma nkotopetsa kuchita. Wodwala amakhala pampando, amamupana mphuno, amakoka mpweya mpaka chifuwa chitadzala, kenaka amauzira m'chubu ndi mphamvu zake zonse, monga wokoleza moto wa nkhuni zaziwisi, osaleka kufikira mpweya utatheratu. Amabwereza katatu kapena kuposa. Wopima amafuula pomulimbikitsa, ndipo wodutsa panja angayese mkangano, koma kufuulako nkofunika, pakuti wouzira mwaulemu amaoneka wodwala kuposa mmene alili. Pa manambala onse amene chipangizocho chimatulutsa, yofunika kwambiri ndi ya mpweya umene watuluka m'sekondi yoyamba.

Malangizo a madokotala a ku Britain a m'chaka cha 2001 adati munthu wotulutsa malita oposa 1.5 m'sekondi imeneyi angathe kuchotsedwa chigawo chimodzi, ndipo wopitirira malita 2 angathe kuchotsedwa phapo lonse. Lamuloli linali losavuta kukumbukira, koma linkakondera amuna aatali. Mayi wamfupi wa zaka 65 angatulutse malita 1.4 mapapo ake ali bwinobwino, pamene mwamuna wamtali wotulutsa malita 2 angakhale atawonongeka kale. Masiku ano amayerekeza nambala ya wodwala ndi imene imayembekezeka kwa munthu wathanzi wa msinkhu wake, zaka zake ndi chibadwa chake, naitchula m'magawo a pa 100.

Tsono apa ndipo pamabwera masamu a sukulu ya pulayimale. Mwachitsanzo, bambo wa zaka 62 wa ku Nkolokosa wauzira, ndipo wapezeka ndi magawo 70 pa 100. Chotupa chili m'chigawo cha m'munsi cha phapo la kumanja, chimene chili ndi tizigawo 5. Akachotsa 5 pa 19 patsala 14. Dokotala amachulukitsa 70 ndi 14, nagawa ndi 19, ndipo yankho ndi 52: amenewo ndiwo magawo amene bamboyo akuyembekezeka kudzatsala nawo. Chotupacho chikadafuna kuti lichoke phapo lonse la kumanja, pakadatsala tizigawo 9, ndipo yankho likadakhala 33. Munthu yemweyo, tsiku lomwelo, ngwoyenera opaleshoni ina ndipo ali m'mphepete mwa phompho pa ina. Pali chinthu chimodzi chimene chimasintha masamuwa mokomera wodwala. Ngati chigawo chochotsedwacho chidatsekedwa kale ndi chotupa, kapena chidafa ndi matenda akale, ndiye kuti sichikugwira ntchito, ndipo sichiwerengedwa; kuchichotsa kuli ngati kugwetsa chipinda chimene denga lake lidagwa kalekale. Nchifukwa chake pofuna kuchotsa phapo lathunthu, zipatala zokhala ndi zipangizo zimajambula kayendedwe ka magazi m'mapapo onse awiri, kuti zidziwe kuti ndi liti limene likusenza katundu wambiri.

Malinga ndi malangizo a akatswiri a matenda a m'chifuwa a ku America a mu 2013, yankho likapitirira 60, pa muyeso uwu ndi pa wachiwiri umene wafotokozedwa pansipa, opaleshoni ingachitike popanda kupima kwina kwa mpweya. Likagwa pansi pa 30, ngozi njaikulu ndipo pafunika kupima mozama. Likakhala pakati, monga 52 ya bambo uja, wodwala amapita kokwera masitepe.

Asanafike kumasitepeko, pali muyeso wachiwiri umene ambiri saudziwa. Kuuzira kumaonetsa ngati njira za mpweya zili zotseguka, koma sikunena ngati mpweyawo ukuwoloka kuchoka m'mapapo kulowa m'magazi. Msewu ungakhale wabwino, mlatho uli wothyoka. Poyesa mlathowo, wodwala amakoka mpweya wosakaniza ndi kachigawo kochepetsetsa ka carbon monoxide, nausunga masekondi 10, kenaka nautulutsa. Makina amawerenga umene walowa m'magazi. Mpweya umenewu ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula yamoto m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira ya June ndi July, koma pano umaperekedwa wochepa kwambiri kotero kuti suvulaza. Mu 1988 madokotala a ku Chicago, motsogozedwa ndi Mark Ferguson, adaonetsa kuti muyeso umenewu paokha umalosera amene adzavutike pambuyo pa opaleshoni, ngakhale atauzira bwino. Nambala yake imawerengedwanso ndi masamu omwe aja a 19, ndipo malire ake ndi omwewo, 60 ndi 30.

Kwa anthu a mu Blantyre kuwerengera kotere nkofunika koposa, chifukwa mapapo ambiri amafika kwa dokotala ali ndi zipsera kale. Kafukufuku amene adachitika pakati pa anthu akuluakulu a ku Chilomoni, nasindikizidwa mu 2016, adapeza kuti oposa 40 pa 100 alionse adauzira mosakwanira muyeso, ndipo ambiri mwa iwo vuto silinali kutsekeka kwa njira za mpweya koma kuchepa kwa mpweya wonse umene mapapo amasunga. Nkoyenera kunenapo kuti muyeso umene adayerekezera unali wa azungu a ku America. Atayerekeza ndi anthu athanzi a konkuno, chiwerengerocho chidatsika kwambiri. Apa pali phunziro kwa wopima aliyense: nambala ya 70 kapena 52 imadalira sikelo imene yagwiritsidwa ntchito, ndipo dokotala wanzeru saweruza munthu ndi nambala yokha. Kafukufuku wina wa mu Blantyre momwemo, wosindikizidwa mu 2020, adatsata anthu 405 amene adangomaliza kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Onsewa adalembedwa kuti amaliza chithandizo. Komabe mmodzi mwa atatu adauzira mosalongosoka, ndipo pafupifupi mmodzi mwa khumi adapezeka ndi chigawo cha phapo chowonongekeratu. Kachilombo kadapita, chipsera chidatsala.

Palinso madoda amene adapita ku Joni pa Wenela, kapena pa TEBA m'zaka zotsatira mpaka 1988, nakapuma fumbi la miyala m'migodi ya golide. Fumbi limenelo silituluka. Limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo amuna amenewa tsopano ali pa msinkhu umene khansa ya m'mapapo imakonda. Onjezani ndudu ndi chingambwe kwa osuta, ndi utsi wa nkhuni ndi makala umene amayi apuma m'makhitchini kuyambira utsikana wawo. Chotero pamene dokotala afunsa kumene munthu adagwirako ntchito zaka 40 zapitazo, kapena ngati adamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu, sakufufuza za eni; akufuna kudziwa za phapo limene lidzatsale, pakuti ndilo lidzasenze munthuyo. Ndipo ngati chifuwa chachikulu chilipo pakali pano pamodzi ndi khansa, zimene zimatheka, chiyenera kuyamba kuthiridwa mankhwala.

Tsopano za masitepe. Nzodabwitsa kuti m'nyengo ino ya makina odula, muyeso umodzi wodalirika kwambiri sufuna magetsi. Wodwala amauzidwa kukwera masitepe pa liwiro lake, osathamanga, mpaka atalephera kupitirira chifukwa cha befu, kutopa kwa miyendo kapena kupweteka m'chifuwa. Dokotala amatsagana naye, atamupana pachala kachipangizo kowerenga okosijeni m'magazi, kamene anthu ambiri adakadziwa m'nthawi ya Covid-19. Kenaka amawerenga masitepe nachulukitsa ndi kutalika kwa sitepe imodzi. Ku Ancona, m'dziko la Italy, dokotala Alessandro Brunelli ndi anzake adayesa motere odwala 640, nasindikiza zotsatira mu 2008. Mwa amene adakwera kupitirira mamita 22, mmodzi yekha pa 100 ndiye adamwalira pambuyo pa opaleshoni. Mwa amene adalephera kufika mamita 12, adamwalira 13 pa 100. Mamita 22 ndi masitepe pafupifupi 140, monga kukwera nyumba yosanja kasanu ndi kawiri. Chifukwa chimene masitepe amanenera zoona nchakuti amayesa zinthu zonse pamodzi: mapapo, mtima, magazi, minofu ya miyendo, ngakhale kulimba mtima kwa munthu. Opaleshoni nayonso imafuna zonsezi pamodzi.

Kumene kulibe nyumba yosanja, amaika zizindikiro ziwiri pa mtunda wa mamita 10, ndipo wodwala amayenda uku ndi uku motsata kulira kwa belu limene limafulumira pang'onopang'ono. Wopitirira mamita 400 ndiye kuti wakhoza. Wolephera pa masitepe kapena pa kuyendaku, amamukweza pa njinga yosayenda atavala chophimba kukamwa, kuti awerenge okosijeni amene thupi likugwiritsa ntchito pamene latopa kotheratu. Woposa mamililita 20 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa mphindi imodzi angapirire ngakhale kuchotsedwa phapo lonse. Wochepera 10 ali pa ngozi yaikulu.

Izi sizitanthauza kuti wodwala adziyese yekha pa chitunda cha kwawo kapena m'phiri la Soche; muyesowu umachitika dokotala ali pambali chifukwa mtima ungathe kudzidzimuka. Koma chitunda cha kwawocho ndi mboni yabwino, ndipo dokotala amachifunsa. Vuto ndi lakuti amuna achikulire sakonda kuvomera kufooka. Akafunsidwa kuti, "Bambo, mumayenda mtunda wotalika bwanji musanapume?" yankho limakhala lakuti, "Ine ndiye ndimayenda ndithu, adokotala, palibe vuto." Apo mpamene mayi wa kunyumba, amene wakhala chete pabenchi, amalowererapo: "Pepani adokotala, bambowa chiyambire Khirisimasi sadafikepo kumsika wa Kamba wapansi. Ngakhale posamba amapumira kaye." Mawu a mayiwo ngamtengo wapatali kuposa ulemu wa bambo. Madokotala ali ndi makwerero a manambala, kuyambira 0 mpaka 4, ofotokozera zimenezi: 0 ndi munthu wogwira ntchito zake zonse, 1 ndi wotha ntchito zopepuka zokha, 2 ndi wodzisamalira yekha koma wosatha kugwira ntchito, 3 ndi wokhala pamphasa nthawi yoposa theka la usana, 4 ndi wosadzuka. Opaleshoni yaikulu ya m'chifuwa imayenera makamaka a pa 0 ndi 1. Wobisa kufooka kwake kuti asamukanize opaleshoni akudzitchera yekha msampha.

Mtima umapimidwa mwapadera, chifukwa fodya amene adawononga mapapo amakhala atawononganso mitsempha ya mtima. Amaujambula kagundidwe kake, amafunsa za kupweteka m'chifuwa poyenda, za kutupa miyendo, za matenda ofa ziwalo, za kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Amapima impso. Amapima kuchuluka kwa magazi, popeza magazi ndiwo galimoto ya okosijeni, ndipo munthu wa magazi ochepa wotsala ndi mapapo ochepa wasowa pawiri. Amakonzeratunso magazi omuwonjezera, amene m'dziko muno amasonkhanitsidwa ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service. Kachilombo ka HIV pakokha sichifukwa chokanizira munthu opaleshoni, malinga akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo tizilombo tatsika m'magazi. Ukalambanso pawokha sichifukwa. Agogo a zaka 75 amene amalima dimba lawo angakhale oyenera kuposa mwamuna wa zaka 55 amene amabanika pomanga nsapato. Wodwala ayenera kutchula mankhwala onse amene akumwa, ngakhale asipulini wa m'golosale ndi mankhwala azitsamba, pakuti ena amachedwetsa kuundana kwa magazi. Kubisa zimenezi chifukwa cha manyazi kungadzetse mavuto munthu ali kale patebulo.

Chosangalatsa nchakuti ena mwa manambalawa amasintha, ndipo masabata ochepa a pakati pa kupimidwa ndi opaleshoni sali ongodikira. Wosuta ayenera kuleka tsiku lomwelo. Utsi woipa wa fodya umachoka m'magazi pa tsiku limodzi kapena awiri, koma kuti njira za mpweya ziyambe kudziyeretsa pamafunika masabata anayi kapena kuposa. Wowonda, makamaka amene wataya gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake m'miyezi isanu ndi umodzi, ayenera kudya zomanga thupi: mazira, usipa, nyemba, soya, ndiwo zotendera, phala lothira nsinjiro, bala la munthu wanjala silipola msanga. Kuyenda tsiku ndi tsiku, kuwonjezera pang'ono mtunda, kumalimbitsa miyendo ndi mtima. Wa mphumu kapena wa njira zotsekeka amapatsidwa mankhwala opopera, ndipo nthawi zina akauziranso nambala imakwera. Amaphunzitsidwanso kukoka mpweya mozama ndi kutsokomola atagwira pilo pachifuwa. Luso limeneli limaoneka lachibwana, koma ndilo limapulumutsa. Mdani wamkulu wa masiku oyamba pambuyo pa opaleshoni ndi chibayo: bala la pakati pa nthiti limapweteka, wodwala amaopa kutsokomola, makhololo amadikha, tizilombo timaswana m'phapo lotsala lija. Wopanda mphamvu zotsokomolera ndiye amagwa poyamba.

Kupimaku kumayang'ananso kunja kwa thupi la wodwala. Dokotala amafuna kudziwa ngati pali bedi m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ngati okosijeni alipo wokwanira, ngati alipo wothandiza wodwala kuchita mafizo a chifuwa. Ku Gulupu, m'chaka cha 2020 mudakhazikitsidwa makina opangira okosijeni ndi chipinda chapadera cha odwala obanika, zinthu zimene kale zinkasowa. Odwala ena a khansa akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, ndipo kwa iwo pamawonjezeka funso la ulendo wa pa ndege, pakuti m'mwamba okosijeni amachepa. Pafunikanso kudziwa amene adzakhale gadiyani, ndi mmene kunyumba kulili: ngati madzi ali kutali, ngati khomo lili pamwamba pa chitunda, ngati wodwalayo ndiye yekha wopezera banja chakudya.

Zonse zikasonkhanitsidwa, dokotala wa opaleshoni, wogonetsa, wa matenda a m'chifuwa ndi wa khansa amakhala pamodzi kukambirana. Yankho silikhala inde kapena ayi nthawi zonse. Nthawi zina amasankha kuchotsa kachigawo kamodzi kapena kawiri m'malo mwa chigawo chonse. Kafukufuku wa ku Japan wa mu 2022 ndi wa ku America wa mu 2023 adaonetsa kuti pa zotupa zosapitirira masentimita 2, za m'mbali mwa phapo, njira imeneyi imachiza mofanana. Kumene kuli zipangizo, amachita opaleshoni ya timabowo ndi kamera, yopweteka pang'ono kuposa yotsegula nthiti. Amene sangapirire mpeni konse angathandizidwe ndi cheza champhamvu chowotcha chotupa. Kwa zaka zambiri chithandizo chimenechi kunalibe m'dziko muno, koma mu 2024 mu Blantyre mudatsegulidwa chipatala cha khansa chomwe si cha boma chokhala ndi makinawa, ndipo mu 2025 boma lidatsegula National Cancer Centre ku Lilongwe. Palinso mankhwala a khansa, ndiponso kiliniki ya Tiyanjane ku Gulupu komweko, imene imasamalira ululu, kubanika ndi nkhawa za odwala matenda osachiritsika pamodzi ndi mabanja awo.

Mawu akuti "opaleshoni siitheka" amapweteka, ndipo abale ena amawamva ngati kutayidwa, ena amaganiza kuti pakufunika kenakake ka m'manja. Nkofunika kufunsa dokotala kuti ndi funso liti mwa awiri aja limene layankhidwa kuti ayi: chotupa chafalikira, kapena thupi ndilo lafooka? Ngati ndi lachiwiri, nkoyenera kufunsanso ngati pali chingasinthe m'mwezi umodzi. Ndipo ngakhale madokotala atavomera, mawu otsiriza ndi a mwini chifuwa, osati a mwini mbumba kapena a ana otumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg, ngakhale kuti onsewa ayenera kumva nawo. Wina amasankha kulowa m'ngozi yaikulu pofuna zaka zina; wina, atamva kuti angadzakhale wa befu moyo wake wonse, amasankha njira ina. Dokotala ayenera kumuuza manambala ake m'chilankhulo chimene akumva, asanasaine kapena kudinda chala pa pepala.

Kwa amene wadutsa bwino, machubu otulutsa madzi ndi mpweya m'chifuwa amachotsedwa patapita masiku ochepa, ndipo anamwino amamudzutsa kuti ayende m'wodi kuyambira tsiku lotsatira opaleshoni, ngakhale akudandaula. Masabata oyamba befu amakhalapo ndithu, kuposa mmene masamu aja adanenera. Koma pakatha miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi, wochotsedwa chigawo chimodzi amapeza kuti mpweya wabwerera pafupi ndi pamene unali, ndipo akauziranso m'chipangizo chija nambala imaposa kawirikawiri imene dokotala adalosera. Wochotsedwa phapo lonse amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wake mpaka kalekale. Ntchito za pakhomo amazitha, koma thumba la makala ayenera kusiyira ana, ndipo pa chitunda cha ku Nkolokosa amaonjeza malo amodzi kapena awiri opumirapo. Onse awiri amapatsidwa masiku obwerera kuchipatala kukajambulidwa, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse m'zaka ziwiri zoyamba, kenaka kamodzi pachaka.